Maso a M'paketi

"Ndati mawa. Kodi mawa ndi chaka chamawa?"

Yobe adayankha osatukula mutu. Adali pakhonde, nyalugwe wa mlombwa atamupana ndi mawondo, akumukwecha msana ndi sandipepala. Fumbi lofiira linkagwera pa mapazi ake.

"Dzulo munati mawa, bambo a Thoko. Dzana munatinso mawa. Lero ndi tsiku lachitatu diso ili lisanatseguke."

"Ndiye nditani? Njinga ndi imodzi. Ndikakukweza iwe kupita kuchipatala, mitengo yosemera njovu ibwera yokha kuchokera kuthengo?"

"Tsiku limodzi lokha ndi limene ndikupempha."

"Tsiku limodzi ndi anyalugwe awiri. A Mphepo anati mwezi uno ukamatha abwera ndi galimoto, zinyama makumi atatu zikhale zitaima pakhonde pano. Zikapanda kukwana akagula kwa anyamata a kumsewu, ndipo kuno sadzapondanso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chipatala sichithawa."

Feliya, mkazi wake, adali ataima pakhomo, kansalu atamanga mopingasa kuphimba diso lamanzere. Adafuna kunena kuti chipatala sichithawadi, koma diso limathawa. Adangokonza kansaluko. Zaka khumi ndi zinayi za banja zidamuphunzitsa kuti Yobe akagwira sandipepala makutu amatseka.

Pa Kaluluma ponse anthu ankati Yobe ali ndi dzanja. Ali nalodi, tisamunamizire munthu. Koma chimene chinkachititsa a Mphepo, amene ankagula ziboliboli n'kukagulitsa m'masitolo a ku Lilongwe, kusiya tala n'kulowa msewu wa fumbi sichidali msana wa nyalugwe ayi. Adali maso, ndipo maso ankapanga ndi Feliya. Osema ena ankangoboola timaenje n'kudontheza penti, kapena kumata mikanda, chinyama n'kumaoneka ngati chidole cha mwana. Feliya ankatola mabotolo a bulauni kuseri kwa malo omwera mowa, n'kuswa, n'kutenga pansi pake pokhuthala paja. Ankabenthula ndi pulayala mpaka kagalasi kafanane ndi njere ya khobwe, kenako n'kukanola pa mwala ndi madzi mpaka kasalale. Kumbuyo kwake ankadontheza penti wakuda pang'ono, n'kumata kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Akaika diso loterolo m'mutu mwa nyalugwe, nkhuku zinkalambalala khonde. Ndevu za ubweya wa mchira wa ng'ombe, minyanga ya fupa, polishi ya nsapato yomalizira, zonsezo idalinso ntchito yake. Kunsi kwa chinyama chilichonse Yobe ankawotcha ndi msomali zilembo ziwiri za dzina lake.

Lolemba la sabata imeneyo pulayala idaterereka, kagalasi n'kudumphira m'diso. Feliya adangomva ngati wina wamubaya ndi singano, ndipo atapukuta adaona madzi ofiirira pachala.

Mkangano udakali mkati, a Elube adatulukira kuseri kwa nkhokwe atafumbata masamba. Iwo adali mlongo wake wamkulu wa Yobe, ndipo chibwerereni kuchokera ku ukwati wawo, padalibe chifuwa, chilonda kapena ndewu imene inkatha pabwalopo iwo asadaikepo dzanja.

"Mukukanganirana chitsotso? Yayi, mulamu, gona pamphasa apa. Kuchipatala ukataya tsiku lonse pabenchi n'kukakupatsa panado."

"Si chitsotso, alamu. Ndi galasi."

"Galasi, mchenga, mankhusu, zonse zimatuluka ndi misozi. Ine ndachotsa zitsotso za mudzi wonse uno. Wina anafa?"

Feliya adagona. A Elube adamasula kansalu, n'kutong'ola chikope ndi zala ziwiri. Adauzira katatu. Adawerama n'kupisa lilime m'diso monga amachitira ndi ana akalowedwa kachirombo, kenako adalavula pambali.

"Ndakamva. Kali mkati, koma katuluka."

Adafikisa masamba aja m'manja, n'kutsina fodya wa mphuno pang'ono kusakaniza, kuti misozi ibwere yambiri. Madzi ake adawafinyira m'diso.

Feliya sadalire. Adagwira m'mphepete mwa mphasa mpaka bango lidathyoka m'manja mwake. Misozi idabweradi, yambiri, kutsikira m'khutu ndi m'khosi, koma galasi silidatuluke.

"Waona? Mawa udzuka ukupenya," adatero Yobe. "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Adatembenuza nyalugwe uja kuti amukweche pamimba.

Mawa lidafika diso litatupa ngati phwetekere wakupsa. Feliya adadzuka kukathirira nazale ya fodya kudambo monga mwa masiku onse, chifukwa mbande sizidziwa kuti mwini wake wadwala. Atabwerako adakhala pa mwala wake wonolera. Adasiya kupempha. Munthu ukapempha kanayi chinthu chimodzimodzi, pakamwa pamachita manyazi.

Koma ntchito ya maso imafuna maso awiri. Pulayala inkagwira mphepo m'malo mwa galasi. Akati anole mbali iyi, mwala unkadya chala. Timagalasi tinkatuluka kena kakakulu, kena kakang'ono, kena kosongoka. Mutu unkagunda kuyambira pachipumi mpaka m'khosi, ndipo akawerama zinkakhala ngati diso ligwera pamwalapo. Sabata yathunthu adamaliza maso a zinyama zinayi zokha.

Yobe adanyamula nyalugwe mmodzi n'kumuyang'ana padzuwa.

"Ameneyu ndi nyalugwe kapena munthu wochokera ku kachasu? Diso lina likuyang'ana ku Simlemba, lina ku Kapelula."

"Ndikuona ndi limodzi, bambo a Thoko."

"Ndiye uziyang'anitsitsa ndi limodzi lomwelo. Zoterezi a Mphepo sangatenge. Ukufuna kundichititsa manyazi?"

Adatenga mpeni n'kutokosola maso onse asanu ndi atatu, nawataya m'phulusa. Feliya adawayang'ana ali m'phulusamo. Mtima sudamupweteke. Adadabwa yekha kuti sakumva kanthu.

Lachisanu makuponi a feteleza adatuluka. Pa nyumba ya Yobe dzina lidatuluka la Feliya, chifukwa tsiku la kalembera Yobe adali kuthengo kukadula mitengo. Ndipo kudepoti ankafuna mwini dzina, ndi chitupa chake chovotera m'manja.

"Upite Lolemba m'mamawa," adatero Yobe. "Akuti matumba abwera ochepa."

"Ndi diso ili?"

"Pamzere amaima ndi miyendo. Ukapanda kupita, chaka chino tidya anyalugwe? Katenge feteleza kaye, kenako tione za chipatala bwinobwino. Ndakulonjeza."

Amene adaimapo pa mzere wa makuponi akudziwa. Dzuwa la Novembala, mphepo yonyamula fumbi la m'minda yolimidwa, anthu kukankhana ngati ng'ombe pakhomo la khola. Feliya adaima tsiku loyamba, galimoto ya feteleza siidabwere. Adaima lachiwiri, idabwera, matumba n'kutha iye atatsala anthu makumi awiri kuti afike pazenera. Kubwerera kunyumba kukadakhala kutaya malo, motero adagona pakhonde la sitolo pamodzi ndi amayi ena.

Kumbuyo kwake pamzere kudali Modester, mayi wa kwawo ku Simlemba amene adakwatiwanso mbali yomweyo. Tsiku lachitatu Modester adamugwira paphewa.

"Achemwali, musandikwiyire. Ntchentche zikukutsatani."

"Ndazolowera."

"Tamasulani ndione."

Feliya adakweza kansalu pang'ono. Modester adayang'ana n'kubweza nkhope msanga, dzanja atagwira pakamwa.

"Mayo ine. Chayamba liti chimenechi?"

"Sabata ziwiri zakwana."

"Ndipo alamu athu akuona?"

"Ali ndi oda ya zinyama. Anati tikatenga feteleza."

"Oda? Achemwali, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chipatala chaching'ono si icho, kuseri kwa tchalitchi? Pitani, ndikusungirani malo."

"Akaitana dzina ine kulibe, kuponi yapita. Ndikafika kunyumba ndikanena chiyani?"

Modester adangomuingitsira ntchentche. Nayenso adali ndi kwake kokayankha.

Dzuwa litapendeka Feliya adalandira matumba ake awiri. Adawakweza pa ngolo ya munthu wa m'mudzi mwawo, ndipo ndi pamene adalowera kuseri kwa tchalitchi. Dokotala wamng'ono wa pamenepo adaunika diso ndi tochi nthawi yaitali. Adafunsa chimene adathiramo. Feliya adanena. Bamboyo adapumira m'mwamba n'kulemba kalata.

"Mayi, izi si za pano. Pitani ku chipatala chachikulu ku boma. Lero lomwe ngati n'kotheka. Musagonenso nalo."

Feliya adapinda kalatayo, n'kuimanga pa mfundo ya chitenje. Ku boma ndi ulendo wa minibasi, ndipo mkazi wa mwini sangonyamuka osatsanzika. Adayenda wapansi kubwerera kumudzi, akukonza m'mutu mawu oti akanene. Tsopano adali ndi kalata. Kalata Yobe sangaiuze kuti mawa.

Pakhonde adapeza zinyama zitandandalikidwa, zosalala, zopanda maso. Mwini wake padalibe.

"Wachoka lero m'mawa," adatero a Elube akupeta mphale. "Anavala jekete ya kutchalitchi. Sananene kumene akupita, ine ndine ndani kuti ndifunse? Diso likupeza bwanji? Ndikufinyirenso?"

"Ayi, zikomo, alamu."

Yobe adabwera masana a tsiku lotsatira akuimba kamluzu. Adayamba waona matumba a feteleza m'nyumba, n'kuwasisita ngati ana a ng'ombe. Kenako adaitana.

"Mayi a Thoko, tabwera udzaone. Mavuto ako atha."

Adapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapaketi ka pulasitiki. Adakang'amba ndi mano n'kukhuthulira m'mbale. Adali maso. Maso a galasi a kufakitale, ofanana onse, a bulauni ndi achikasu, kadontho kakuda kali pakati penipeni. Adagubuduzika m'mbalemo n'kuima, ena akuyang'ana kudenga, ena akuyang'ana Feliya.

"A Mphepo anandiuza pafoni za sitolo ina ya amwenye imene imagulitsa zosokera ndi zidole. Ndazungulira tauni yonse, mapazi awa. Sitolo zisanu ndi imodzi. Koma ndawapeza. Makumi asanu ndi limodzi, okwanira ndendende. Kunola kwatha, mkazi wanga."

"Munapita ku Lilongwe?"

"Nanga ndikanawapeza pa Kaluluma?"

"Pa minibasi?"

"Ayi, ndinauluka. Funso lanji limenelo?"

"Minibasi inadutsa pa boma?"

"Ukudziwa msewu ndi umodzi."

"Popita ndi pobwera pomwe."

Yobe adasiya kuseka. Adayang'ana mbale, adayang'ana mkazi wake. Feliya adamasula mfundo ya chitenje n'kuika kalata ija pambali pa mbale. Sadakweze mawu. Adalibe mphamvu zake, ndipo mkwiyo umene ankaudikira sudabwere.

"Munati tsiku limodzi palibe. Apa mwapeza awiri."

"Iwe, usasakanize zinthu. Uja unali ulendo wa ntchito. Ndinapita chifukwa cha iwe yemwe, kuti upume. Munthu wina akanathokoza."

"Zikomo."

"Kalatayi tiona. Lero kwada kale, mawa ndili ndi minyanga yoti ndiboolere..."

Adaima yekha pakati pa mawu. Feliya adatola kalata yake n'kuimanganso pa chitenje, n'kukatenga khasu kukatsekula ngalande kunazale.

Modester sadasunge pakamwa, ndipo Mulungu amudalitse chifukwa cha kusasungako. M'mawa mwake, mame asadaume, njinga idaima pabwalo. Adatsika Jeremiya, mchimwene wake wa Feliya, atapalasa kuchokera ku Simlemba. Sadalandire mpando. Adapita kwa mlongo wake, adakweza kansalu, adayang'ana, n'kukabwezera bwinobwino. Kenako adatembenukira kukhonde.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, alamu. Mwatidzidzimutsa. Kumudzi n'kwabwino?"

"Kumudzi n'kwabwino. Kuno ndiye sindikudziwa. Ndifunse, ng'ombe zija munapereka kwathu, munkalowola munthu kapena munkagula makina?"

"Mawu amenewo ndi olemera, alamu."

"Makina omwe amawathira oyilo. Sabata ziwiri ndi theka munthu akuwola diso m'nyumba mwanu, inu mukupala mitengo."

"Alamu, nyumba ya mwini saotchera mbewa. Za m'banja muno simukuzidziwa. Oda imeneyi ndi imene itidyetse mpaka fodya adzalowe kumsika. Thoko ali ku sekondale, akufuna zambiri. Ndikanasiya zonse, mukanabweranso inu nomwe kudzati mlamu wathu ndi waulesi. Ndipo sitinangokhala ayi, achemwali anga anamuthira mankhwala."

"Mankhwala anji?"

A Elube adayankha ali patali, mawu atachepa. "Amene timathira tonse. Tsoka silinunkha, adada."

"Ili ndiye likununkha, amayi. Ndalimva ndili pa njinga." Jeremiya adaloza mbale imene idali pawindo. "Awo ndi maso ndamva panjira aja? Mwakwera minibasi kukagulira mitengo maso?"

"Kuti iye apume."

"Apumadi."

"Mawa ndimati ndipite naye."

"Zengerezu adalinda kwaukwau, alamu. Mlongo, tenga chitenje china. Tiye."

Feliya adayang'ana mwamuna wake, kudikira kuti mwina aletsa, mwina anena kuti ndipita nanu. Yobe adayang'ana zinyama zake, milomo ikuyenda. Ankawerenga zimene zatsala. Kenako adati, "Mukafike bwino. Mundiimbire."

Ku boma sadachedwe nawo. Dokotala wa maso adali mayi wa tsitsi la imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Adaphimba diso lamanja la Feliya ndi chikhatho, n'kuyatsa tochi kutsogolo kwa lamanzere.

"Mukuona kuwala?"

"Ayi."

"Apa?"

"Ayi."

Adazimitsa tochi. "Mayi, sindikunamizani. Diso ili lafa. Mukanabwera tsiku loyamba kapena lachiwiri, osathiramo kanthu, tikanalimbana nalo. Tsopano mafinya adzaza mkati. Tikalisiya likhoza kudwalitsa linzake. Tikutumizani ku Lilongwe akalichotse."

Jeremiya adatuluka panja n'kukaima moyang'ana khoma. Feliya adangoti, "Chabwino." Ankadikira kuti misozi ibwere, koma zikuoneka kuti yonse idathera pa mphasa ya a Elube.

Msewu wa ku Lilongwe adauona koyamba m'moyo wake, ndi diso limodzi, kudzera pa windo la ambulansi. Ankaona minda, zigafa za fodya, anthu ogulitsa mbewa ndi makala. Ankaganiza kuti pano Yobe adadutsa, apa adadutsanso, atavala jekete ya kutchalitchi. Feliya adakhala m'chipatala masiku khumi. Yobe adaimba kawiri pa foni ya Jeremiya. Kachiwiri, atafunsa za thupi, adafunsanso kumene Feliya amasunga guluu wamphamvu uja.

Jeremiya adafuna kupita naye ku Simlemba. Ankhoswe a mbali zonse adakumana pansi pa mtengo wa mango, n'kunena zimene ankhoswe amanena: madzi akatayika saoleka, banja ndi kupirira, mwana ali pasukulu, mvula yagwa ndipo feteleza ali kale m'nyumba. Yobe adapepesa atagwira chipewa m'manja, n'kupereka nkhuku. A Elube adalira kuposa wina aliyense. Feliya atafunsidwa maganizo ake adati, "Mmene mwaonera." Adabwerera m'nyumba mwake kutatsala tsiku limodzi kuti a Mphepo abwere.

Zinyama zidali pomwe zija pakhonde, makumi atatu, zitapakidwa polishi mosalongosoka, zonse zopanda maso. Pakona padali zina zitatu zimene Yobe adayesa yekha. Kuika diso si kumata chabe. Dzenje limafuna kusemedwa ndi kampeni kuti chikope cha mtengo chiphimbe galasi pang'ono pamwamba, apo ayi chinyama chimatong'ola ngati chatsamwa. Za Yobe zidali zotong'ola, guluu atayenderera mpaka m'masaya. Adatokosola masowo n'kuwabwezera m'mbale, nasema zinyama zina m'malo mwake, koma kuika maso sadayerekezenso.

Tsiku limenelo Yobe adamusamala mkazi wake. Adamutungira madzi osamba, chinthu chimene mudzi udali usadachionepo. Adamugulira sikono ndi shuga. Dzuwa likulowa adabwera ndi mbale ija, n'kukhala pansi pafupi naye, mbali ya kumanja kumene akanamuona.

"Mayi a Thoko, ndikudziwa kuti ndinalakwa. Ndanena pamaso pa anthu, ndikunenanso pano. Koma chala chimodzi sichiswa nsabwe. A Mphepo afika mawa masana. Kunola kulibe, kubenthula kulibe. N'kungoika basi. Manja ako akudziwa okha."

Feliya adayang'ana m'mbale. Adatola diso limodzi la bulauni n'kuliika pachikhatho. Lidali lozizira, losalala kuposa onse amene iye adanolapo, ndipo mtundu wake udali wofanana ndi lake lija.

"Ndi okongola," adatero.

"Si ndinakuuza? Ndiye uika?"

"Mundisiyire kampeni ndi guluu."

M'mawa Yobe adavala jekete, n'kupalasa kupita kutala kukadikira a Mphepo, chifukwa mvula idali itaononga msewu ndipo pankafunika wowalondolera njira yodutsa kumtunda. Feliya adayala mphasa pakhonde. Adatenga nyalugwe woyamba n'kumugoneka pamiyendo. Manja ankadziwadi okha. Kampeni kadazungulira, katchipisi ka mtengo kadagwa, kadontho ka guluu, chala chachikulu n'kukanikiza. Adadula ndevu, adakonza minyanga imene idapendama, adapukuta polishi ndi kansanza mpaka misana idawala. Chilichonse akamaliza ankachiimika m'mphepete mwa khonde, chammbali, mbali ya kumanja italoza kubwalo. A Elube adadutsa ndi ndowa, adaona mzerewo n'kuwomba m'manja.

"Yewo, mulamu. Mtima wako ndi wa Chikhristu."

Galimoto idafika dzuwa lili pamutu. A Mphepo adatsika, bambo wonenepa wa chipewa cha chikopa, akupukuta thukuta. Ataona khonde adaima.

"Aa, a Yobe, apa ndiye mwagwira ntchito. Taonani mvuu iyo. Taonani nyalugwe uyo mmene akundiyang'anira. Awa ndiye maso."

"Timayesetsa, bwana," adatero Yobe, mano onse pamtunda.

A Mphepo adanyamula nyalugwe woyamba, adamusisita msana, n'kumutembenuza. Adamuyandikitsa kumaso. Kumanzere kwa mutu kudali dzenje, losemedwa bwino, chikope chake chili m'malo, koma mopanda kanthu. Adamuika pansi n'kunyamula njovu. Chimodzimodzi. Mvuu chimodzimodzi. Yobe adayamba kutembenuza yekha, chimodzi ndi chimodzi, mofulumira, mpaka kumapeto kwa khonde. Zonse makumi atatu zidamuyang'ana ndi diso limodzi.

Feliya adatuluka m'nyumba atasenza beseni la mbewu ya chimanga, khasu lili paphewa. Bandeji yoyera idali itayamba kale kuda ndi fumbi la mlombwa.

"Mayi a Thoko," adatero Yobe, "ichi n'chiyani?"

"Mbali iyo sindiona, bambo a Thoko."

"Usachite zimenezi. Maso enawo ali kuti?"

"Ali m'mbale, pawindo. Palibe lataika."

"Ndiye khala pansi umalize. Ndakupempha. Bwana sangadikire, ali ndi ulendo wautali. Ola limodzi lokha ndi limene ndikupempha."

A Mphepo adayang'ana bandeji, adayang'ana nyalugwe amene adali pa mapazi awo, n'kuvula chipewa. Adachigwira pachifuwa. A Elube adaima pakati pa bwalo, ndowa ili pamutu, madzi akuwadonthera pamapewa.

Feliya adakonza beseni pamutu pake. Adafufuza mumtima kuti mwina apezamo chimwemwe, kapena mkwiyo, kapena chisoni cha munthu amene adagona naye mphasa imodzi zaka khumi ndi zinayi. Mudalibe kanthu. Mudangokhala nkhawa yoti nthaka iuma asadabzale.

"Mawa," adatero.

Adatsika pakhonde n'kulowera njira ya kumunda, mutu atapendeketsa pang'ono kuti aone pomwe akuponda.